Zenebech Sanabadwe, Yatero Kompyuta

Sukulu ya Pulayimale ya Wenz Dar,
M'mwezi wa Ginbot.

Kwa Olemekezeka Kwambiri,
Mkulu wa Bungwe la Nyali ya Mawa,
Nyumba yagalasi ija,
Addis Ababa.

Bwana wanga wolemekezeka,

Ndagwada, ndawerama, nsapato ndavulira pakhomo. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja lanu, galimoto zanu ndi makompyuta anu onse. Ife kuno tili bwino, kupatula mwana mmodzi amene mwatiuza kuti sanabadwe, ngakhale iyenso akudya bwinobwino.

Dzina langa ndine Yalemzerf Adugna. Ndinaphunzira uphunzitsi wa jogalafe, koma matabuleti anu atafika chaka chatha, ahedi athu, Ato Wubshet, anatiyang'ana aphunzitsi tonse mu ofesi n'kuona kuti wovala magalasi ndine ndekha. Kuyambira tsiku limenelo ndine mphunzitsi wa zamakono.

Ndakhala ndikukulemberani pa adiresi ya intaneti imene munatipatsa, ndipo nthawi zonse yankho limabwera chala changa chisanachoke pabatani, lonena kuti mwakondwa kwambiri kumva kuchokera kwa ine. Chikondi chotere sindinachionepo ngakhale kwa malemu amuna anga. Koma poti chikondwerero chanucho sichinasinthe kanthu, ndaganiza zolemba m'nyuzipepala, mwina wina wokukulungirani mtedza angakufikitsireni. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nkhani yake ndi ya mtsikana wa m'kalasi langa la 8, Zenebech Tilahun, wazaka 14. Mpikisano wanu wa zopangapanga za ana ukutsekedwa kumapeto kwa mwezi uno, ndipo opambana mumawapatsa malo kusukulu yanu ya sayansi yogonera komweko, chakudya ndi mabuku zaulere. Kuno sekondale ili kuseri kwa mapiri, ndipo mayi ake a Zenebech sangathe kumulipirira chipinda kumeneko. Akapanda kulowa mpikisanowu sukulu yake yathera pomwepa, ndipo amalume ake alankhula kale ndi delala, mkulu uja amapezera atsikana ntchito zam'nyumba kumaiko a Aluya. Mwana ameneyu kompyuta yanu ikukana kumulembetsa.

Koma sindingayambe ndi kupempha ngati mwana wosaleredwa. Ndiyamba ndi kuthokoza, ndipo ndaika manambala, posamala kwambiri kuti asapitirire 12, pa chifukwa chimene mumve posachedwa.

1. Zikomo chifukwa cha matabuleti. Tsiku limene anafika silidzaiwalika. Munatuma nthumwi yovala suti, ana anaimba, ife aphunzitsi tinasonkha kugula nkhosa, ndipo nthumwiyo inadya mwachangu kuti ikapeze nkhosa ina kusukulu yotsatira. Chovuta n'chakuti Ato Wubshet anasainira pepala loti tabuleti ikasweka olipira ndi iwo. Chichokereni tsikulo kiyi wa kabati yosungiramo matabuletiwo anamumangirira pachingwe cha mtanda wawo m'khosi, ndipo nthawi ya phunziro langa ikakwana ankaima pakhomo la kalasi thukuta lili kamukamu. "Ana inu, musagwiregwire galasilo, mundiphetsa!" Mwana wina anafunsa kuti, "Ahedi, nanga mabatani ake ali pagalasi pomwepo, tidine ndi chiyani?" Iwo anati, "Ndi maso. Ana anzeru amaphunzira ndi maso." Teremu yoyamba yonse tinaphunzira ndi maso, mpaka ndinawauza kuti batire likakhalitsa osagwira ntchito limaphulika. Kaya n'zoona kaya ayi, koma kiyi anamasula tsiku lomwelo.

2. Zikomo chifukwa cha buku la maphunziro. Phunziro lachiwiri likuti kompyuta imatsata ndondomeko, ndiye ana alembe ndondomeko yowotchera buledi m'makina aja amati buledi akapsa amadumpha yekha. Ana anga anaganiza kuti ndikuwaimbira nthano. Ndinawauza kuti alembe ndondomeko yophikira khofi m'malo mwake, ndipo analemba zokoma: tsuka khofi, kazinga, zunguliza utsi kuti alendo anunkhize, sinja, wiritsa m'kamtsuko ka jebena, fukiza lubani, tuma mwana akaitane aneba, thira koyamba, kachiwiri, kachitatu. Mtsikana wina anaonjezera kuti, "Ngati abwera ndi aneba aja Etiye Birke, bisa shuga. Ngati si iwo, ika poyera." Ine ndinamupatsa malikisi onse, chifukwa buku lanu lomwelo, kutsogolo kwake, limati kompyuta imaganiza ndi "ngati". Koma mnyamata amene munamutuma kudzatiyendera anachonga zonse kuti n'zolakwa, poti yankho la m'buku ndi lalifupi ndipo lubani mulibe. Khofi amene tinamuphikira pambuyo pake anamwa makapu onse atatu, mwa ndondomeko yolakwayo.

3. Zikomo chifukwa cha phunziro la mawu achinsinsi. Pofuna kuteteza ana, tabuleti yanu imafunsa funso loti mwana akadzaiwala mawuwo adzayankhe: "Kodi mayi ako dzina lawo linali ndani asanakwatiwe?" Ine ndinangoti akafunse kunyumba, poti funso lochokera ku Addis silingakhale lopusa. Kuno, monga mukudziwa, mkazi sasintha dzina akakwatiwa. Amabadwa nalo, amafa nalo. Ndiye Getnet, mwana wa Ato Demeke, anafunsa funsoli pa chakudya. Dzanja la bambo ake linaima m'malere ndi injera, buledi wathu wopyapyala uja. "Iwe Tiruye, unali ndi dzina lina? Asukulu adziwa bwanji ine mwamuna wako osadziwa? Nthawi ija unkakhala ku Bahir Dar unali ndani iwe?" Mayiyo anamanga katundu n'kupita kwawo, ndipo zinatengera akuluakulu oyanjanitsa, ndi mtsuko wathunthu wa mowa wa tella, kuti abwerere. Chinsinsi cha Getnet n'chotetezeka ndithu. Banja lokha ndi limene linatsala pang'ono kutha.

4. Zikomo chifukwa cha mpikisano. Apa ndikuthokoza ndi mtima weniweni, musadabwe. Munati mwana aliyense apange chinthu chothetsa vuto la pakhomo pawo, ndipo kwa nthawi yoyamba munafunsa ana funso limene yankho lake silinali kumapeto kwa buku. Anyamata ambiri anapanga ndege zamakatoni, ngati kuti vuto la kwawo ndi kusowa ndege. Zenebech anapanga foni yoimbidwa ndi mvula.

Mayi ake, Weizero Etagegn, ndi amasiye, amagulitsa berbere, tsabola wathu wogaya uja. Amayanika tsabola pamphasa pabwalo n'kupita kumsika, ndipo mvula ya m'miyezi ya Megabit ndi Miyazya mukuidziwa, siimba ng'oma. Chaka chatha, Pasaka atayandikira, pamene nyumba iliyonse imafuna berbere wophikira nkhuku, inanyowetsa tsabola yense mpaka anachita chuku. Ndiye mwanayu anatenga malezala awiri akale n'kuwakhomera pathabwa moyandikana koma osagundana, pakati pake n'kuyalapo kansalu konyika m'madzi amchere kenako kouma. Mawaya anachotsa m'wayilesi yakufa ya malemu bambo ake, n'kulumikiza kubatani loimbira la foni yakale yamabatani. Dontho loyamba likagwera pakansalu, magetsi amadutsa, foni n'kuimbira yokha mayi ake. Mayiwo nambalayo anaisunga ndi dzina loti Mvula.

Masiku ano foni ya Weizero Etagegn ikalira mumsika, amayi onse amatembenuka. "Ndani?" "Mvula!" Pomwepo ndi liwiro, wina kukaanula tsabola, wina zochapa, wina nandolo. Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, Mvula inaimba. Msika wonse unabalalika, tomato kupondedwa, ana kulira kumsana, ndipo atafika anapeza kuti nkhuku ya aneba yadzithandiza pa sayansi. Mawu amene amayi a Wenz Dar anayankhula tsiku limenelo sindingalembe m'kalata yopita kwa olemekezeka. Zenebech sanalire. Anangoti, "Ticha, makina alibe mlandu, anva chinyontho n'kuimba. Vuto ndi loti sadziwa kusiyanitsa kumwamba ndi nkhuku." Mawa lake thabwa lija linali pamwamba pa nsichi, litaphimbidwa ndi sefa wakale.

Ndaphunzitsa ana ambiri, bwana, ena anzeru pamayeso, ena anzeru pakamwa. Uyu nzeru zake zili m'zala, ndipo chinthu chikalakwika sakwiya nacho, amachiyang'ana ngati chamuuza nkhani. Ndimamunyadira, ndipo sindibisa.

5. Zikomo, koposa zonse, chifukwa cha kalendala. Ndinakumvani pawayilesi, mawu akunjenjemera ndi kunyada, mukunena kuti ana athu sadzalembetsanso pa kalendala yachilendo, kuti kompyuta ya Nyali ya Mawa ikuwerenga zaka zathu ndi miyezi yathu. Ndinawomba m'manja ndili ndekha m'khitchini mpaka injera inapserera.

Tsiku lolembetsa tinakhala ndi Zenebech pansi pa mtengo wa kuseri kwa zimbudzi, poti ndi pamene netiweki inasankha kukhala. Tinalemba dzina lake, la bambo ake, la agogo ake. Chaka chobadwa chinalowa bwinobwino. Titafika pa mwezi, maina anatsika okongola ngati ana a pa pelete: Meskerem, Tikimt, Hidar, mpaka Nehase. Zenebech anakankha ndi chala kuti atsikenso. Sanatsike. Anakankhanso. "Ticha, Pagume ali kuti?"

Pepani bwana, si kuti ndikukuphunzitsani, ndikungokumbutsa kompyuta yanu. Chaka chathu chili ndi miyezi 12 ya masiku 30 uliwonse, ndiye kumapeto kumatsala masiku asanu, nthawi zina asanu ndi limodzi. Masiku amenewo makolo athu sanawataye. Anawamanga pamodzi n'kuwatcha Pagume, mwezi wa 13. Ndi kamwezi kakang'ono, ndikuvomereza, koma anthu amabadwamo, amafamo, ena amayambana ndi apongozi awo momwemo. Zoti masiku a Pagume timagwira ntchito popanda malipiro tinazolowera kalekale. Koma sitinadziwe kuti ngakhale kubadwamo n'koletsedwa.

Ndinafufuza mmene zinakhalira, ndi nzeru zanga zochepa za jogalafe. Zikuoneka kuti akatswiri amene munawaitana kuchokera kunja anatenga kalendala ya kwawo, kuvula Januwale kumuveka Meskerem, kuvula Febuluwale kumuveka Tikimt, chimodzimodzi mpaka Disembala. Mipando itatha anapeza kuti dzina limodzi latsala m'manja, ndiye analiika m'thumba n'kukwera ndege. Umboni ulipo: pa kompyuta yanu Tikimt ali ndi masiku 28 okha, pomwe Nehase ali ndi 31. Akulu anati safunsa adadya phula, koma apa amene sanafunse anadya nyama kuhotela, phula akudya ndi ana athu. Ato Wubshet eni akewo anabadwa pa Tikimt 30, kutanthauza kuti sukulu ino ikuyendetsedwa ndi munthu amene kulibe. Ena mwa ife tinkaziganizira kale zimenezi, koma zikomo potitsimikizira.

Chimene chikundidabwitsa n'chakuti m'nyumba yanu yonse yagalasiyo, kuyambira wapageti mpaka inu, palibe amene anawerenga maina a miyezi n'kumva kuti china chikusowa. Ndikudziwa kuti ndinu otanganidwa. Munthu amene akuunikira mawa sangakhale ndi nthawi yoyang'ana kalendala ya lero.

6. Zikomo chifukwa cha nambala yothandizira aphunzitsi. Nyimbo imene imalira munthu akudikira ndailoweza, ndipo ana anga a kalasi 5 akuiimba ndi manja. Pamapeto pake anayankha mnyamata waulemu kwambiri. Nditamufotokozera anati, "Mayi, sankhani mwezi woyandikira." Ndinamufunsa ngati iye mayi ake anamubereka mongoyandikira. Anaseka mwaulemu n'kunena kuti, "Ikani Nehase 31, kompyuta ivomera." Ndinati, "Mwana wanga, unakulira kuti? Nehase 31 unaionapo? Unadya chiyani tsiku limenelo?" Anandiuza motsitsa mawu kuti mlongo wake weniweni ndi wa Pagume, kuti nkhaniyi anainena kale kwa akuluakulu, ndipo anamuyankha kuti idzakonzedwa m'gawo lachiwiri la ntchitoyi, chaka chamawa. Chonde musamuchotse ntchito. Ndi munthu yekhayo wa bungwe lanu amene ndamumva akuchita manyazi.

7. Zikomo chifukwa cha phunziro lakuti "Kukhulupirika pa Intaneti". Ndinaliphunzitsa ndi mphamvu zanga zonse, ana n'kulumbira kuti sadzanamiza kompyuta. Malamulo a mpikisano akuti tsiku lobadwa lifanane ndi chithunzi cha chiphaso chobadwira kapena cha ubatizo, ndipo likasiyana mwana achotsedwa ngati wachinyengo. Si zoopseza chabe ayi. Kusukulu ya kutsidya kwa mtsinje, mnyamata wobadwa pa Tikimt 29 analemba 28, ndipo analandira uthenga womuuza kuti khalidwe lotere silifunika m'dziko la mawa. Ndiye taonani pamene mwatiika. Chilungamo kompyuta ikukana, bodza ikulanga.

Ndinaganiza kuti ngati kompyuta singasinthe, chisinthe ndi chiphaso. Ndinapita kwa Weizero Etagegn ndi maganizo amenewo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akusefa tsabola, ine ndikuyetsemula.

"Ticha, khalani pansi mumwe khofi, mwina mutu ubwerera," anatero. "Mwana uyu ndinamubereka pa Pagume 3, tsiku la Rufael Woyera, mvula yodalitsika ikugwa, ana onse a m'mudzi ali mbulanda panja kusamba madalitso. Mzamba anatulutsa dzanja pazenera, kutapa madontho, kumupaka pamutu asanamusambitse n'komwe. N'chifukwa chake dzina lake ndi Zenebech, wagwa ngati mvula. Lero mukuti ndikanene kuti ndinaphonya tsiku? Ululu uja anaumva ndani, ine kapena kompyuta? Mukaifunse ngati inali m'chipindamo."

Koma mayi ndi mayi. Mawa lake, maso ali ofiira, anavala nsalu yawo yoyera n'kupita nane kwa wansembe wathu, Kes Mulualem. Iwo anatsegula buku la ubatizo, kutisonyeza mzere wa Zenebech, n'kutsekanso. "Ana anga, ine ndine wokalamba, sindingathe kulenga tsiku. Mulungu akadzalenga Nehase 31, bwerani m'mamawa, ndidzakhala woyamba kulemba." Kuofesi ya m'dera anatiuza mwachifundo kuti kusintha tsiku lobadwa ndi nkhani ya kukhoti, ndipo kukhoti kuli mzere wa milandu ya malire a minda imene oyambitsa ake anamwalira kale. Tinabwerera chimanjamanja.

8. Pomaliza ndithokoze munthu amene si wa bungwe lanu, koma pa zamakono wakupitirani kutali. Ndi delala uja, Ato Sintayehu. Amabwera tsiku la msika ndi kompyuta yam'manja m'chikwama, n'kukhala m'nyumba ya tiyi magalasi akuda ali pamphumi. Netiweki sadandaula nayo, gawo lachiwiri sadikira. Amalume ake a Zenebech, Ato Dagnachew, anapita naye mwanayo kumeneko, n'kufotokoza mwamanyazi kuti pali kavuto ka mwezi wobadwa. Ato Sintayehu anaseka mpaka tiyi anatayika. "Pagume? Zazing'ono zimenezo, achimwene. Atsikana anga onse amabadwa pa 1 Januwale." Tiyi asanazizire, kompyuta yake inali itamuberekanso mwanayo, tsopano wazaka 22, woyenera kukhala ndi pasipoti. Imeneyo ndiyo kompyuta yokhayo m'dziko muno imene yavomereza kuti Zenebech alipo, ndipo yamuonjezera zaka zina zaulere.

Ato Dagnachew si munthu woipa, bwana, musawaweruze muli pampando wozungulira. Ali ndi ana awo, ng'ombe yawo inafa, ndipo banja la mlongo wawo lili pamutu pawo. Ndinawapeza akusoka chishalo cha bulu ndipo anandiuza mosabisa. "Ticha, ine sindidana ndi sukulu. Koma malezala sadyedwa. Ngati a ku Addis akumufuna, amutenge, ine ndidzavina. Ngati sakumufuna, Aluya akumufuna. Ndalonjeza mayi ake kuti ndidikira mpaka mwezi uno uthe, kupitirira apo musadzandinene."

Ndaphunzitsapo atsikana amene anadzera njira imeneyo. Ena anamangira mayi awo nyumba zamalata, sindinama. Serkalem, amene ankakhala patsogolo m'kalasi langa n'kumandikonza ndikalakwitsa, anabwera osalankhula, ndipo mpaka lero amangokhala pakhonde kupukuta mbale youma kale. Wina anabwera m'bokosi, ndi pepala lonena kuti anaterereka. Onsewo anapita ali aakulu kuposa uyu. Ndikuopa, bwana, ndiponso ndakwiya. Pepani, ndalemba kale, sindifufuta.

Sabata ino Zenebech sanakhudze mawaya ake. Amakhala kumbuyo kwa kalasi akuloweza mawu achiluya amene anamupatsa: inde madamu, ndamva madamu, pepani madamu. Ato Sintayehu amaonetsanso atsikana ake makanema ophunzitsa kugwiritsa ntchito makina ochapira ndi ayironi yamagetsi, moti musadandaule, maphunziro a zamakono akupitirira. Dzulo mwanayu anadikira kuti anzake atuluke n'kundifunsa kuti, "Ticha, makina ochapirawo m'kati mwake muli chiyani? Kodi madamuwo adzandilola kumasula kuti ndione?" Ndinatuluka m'kalasi ngati ndikukatenga choko.

Tsopano pempho langa, ndipo ndikupempha nkhope ili pansi. Pansi pa Nehase pali kampata koyera, ndakaona ndi maso anga. Ngati sizingasokoneze dongosolo lanu la gawo lachiwiri, tumani wina alembepo liwu limodzi mwezi uno usanathe. Sindikupempha kuti Zenebech apambane, mwina kwinakwake kuli mwana amene wapanga zoposa. Ndikupempha kuti aloledwe kupikisana, ngakhale kugonja kumene, ngati munthu wobadwa.

Koma ngati liwu limodzilo ndi lolemera kwambiri, lofuna misonkhano ya kuhotela ndi akatswiri ena a pandege, ndikumvetsa, ndipo ndili ndi pempho lotsika mtengo. Tilembereni kalata pa pepala lanu lokongola lija, mudindepo chidindo chanu chachikulu, yotsimikiza zimene kompyuta yanu yanena kale, kuti Zenebech Tilahun sanabadwe, kulibe, ndipo sanakhaleko. Atsikana a Ato Sintayehu anyamuka sabata yoyamba ya mwezi wamawa wa Sene. Ine ndidzakwera basi yomweyo kalata yanu ili m'manja, ndikaipereke kwa apolisi a pabwalo la ndege, pakuti munthu wosabadwa sangakwere ndege. Kumuphunzitsa kwakukanikani, bwana. Tithandizeni kumubisa.

Ndine wantchito wanu wosayenera kumasula ngakhale chingwe cha tchaja yanu, wobadwa m'mwezi wovomerezeka,

Yalemzerf Adugna.